Kodi loya wa amphawi azilipidwa ndi yani?

Pa 28 Malichi 2025, mtsogoleri wa dziko la America, Donald Trump, adalengeza pa tsamba lake la Truth Social kuti wamvana ndi Skadden, Arps, Slate, Meagher & Flom, imodzi mwa makampani a maloya olemera kwambiri mumzinda wa New York. Malinga ndi chilengezocho, kampaniyo idavomera kugwira ntchito yaulere ya ndalama zosachepera $100 miliyoni pa nkhani zomwe iyo ndi boma zikugwirizana.

Nyuzipepala zambiri zidathamangira ndalamazo, ndipo mpake chifukwa n'zankhaninkhani. Koma m'katikati mwa chilengezocho mudali mfundo ina yomwe idawapweteka mtima kwambiri maloya ogwira ntchito pakati pa anthu osauka. Mfundoyo idakhudza thumba la Skadden Fellowship, lomwe chikhazikitsidwireni mu 1988 lakhala likulipira maloya ongomaliza kumene maphunziro kuti akaimire amphawi kwaulere kwa zaka ziwiri. Trump adati malo osachepera asanu chaka chilichonse azipita ku ntchito monga kuthandiza asilikali akale ndi kulimbana ndi chidani pa Ayuda. Adatinso osankhidwa azikhala a maganizo osiyanasiyana pandale, kuphatikizapo a mbali yomwe kumeneko amati conservative, yomwe imayendera limodzi ndi chipani chake cha Republican.

Palibe angadane ndi kuthandiza msilikali yemwe adavulala ku Iraq kapena ku Afghanistan koma boma likumuzengereza ndalama zake, ndipotu maloya a thumbali adali atagwirapo kale ntchito zoterezi. Chomwe chidadzidzimutsa anthu n'chakuti mtsogoleri wa dziko, yemwe nthambi za boma lake zimasumiridwa kawirikawiri ndi maloya amenewa, adapisa dzanja m'thumba lomwe si lake n'kuyamba kunena ntchito yomwe ndalamazo zigwire. Mu Juni chaka chomwecho mkulu woyendetsa thumbalo, Kathleen Rubenstein, adatula pansi udindo wake.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, m'pofunika kuyamba ndi masamu omwe wophunzira zamalamulo ku America amakumana nawo tsiku lolandira digiri.

Kumeneko munthu amatenga kaye digiri yoyamba ya zaka zinayi, kenaka n'kuonjezera zaka zitatu kusukulu ya zamalamulo, asadalembe mayeso omuloleza kuima m'khoti. M'sukulu zotchuka monga Harvard, Yale ndi Columbia, fizi yokha imaposa $70,000 pachaka, osawerengera malo ogona, chakudya ndi mabuku. Ambiri amaphunzira pa ngongole, moti kutuluka ndi ngongole yoposa $100,000 si chachilendo.

Akatuluka amapeza njira ziwiri. Mu 2024 makampani akuluakulu a maloya amalipira loya wongoyamba kumene ntchito $225,000 pachaka, bonasi ili padera. Mnzake yemwe adakhala naye m'kalasi imodzi, koma wasankha kukagwira ntchito ku bungwe loimira anthu osauka, amayambira pakati pa $60,000 ndi $70,000. Kwa munthu wa kuno ndalamazi zikumveka zambiri zedi, koma m'madera ambiri a New York lendi ya nyumba ya chipinda chimodzi imadya zoposa $3,000 pamwezi, msonkho nawo uli pomwepo, ngongole ya sukulu ija ikudikira. Achinyamata ambiri omwe adalowa sukulu ndi mtima wofuna kuteteza ovutika amathera kumakampani, akudzilonjeza kuti akangobweza ngongoleyo adzabwerera. Ena amabwereradi. Ambiri sabwerera, poti pofika nthawiyo ali ndi ana kusukulu zolipira komanso ngongole ya nyumba.

Vuto lachiwiri lili kumabungwe komweko. Bungwe laling'ono lomwe likuyendera ndalama zopempha silingakwanitse kulemba loya wosadziwa ntchito n'kumuphunzitsa kwa chaka chonse. Malo akapezeka limafuna munthu yemwe waimapo kale m'khoti. Choncho wachinyamata amene wavomera malipiro ochepa aja amapezanso khomo lili lotseka.

Ndondomeko yomwe kumeneko amaitcha fellowship idabwera kudzatsegula khomo limeneli. Kayendetsedwe kake, tikatengera ya Skadden, n'kosavuta kumva. Wophunzira wa chaka chomaliza, kapena yemwe akumaliza ntchito yothandizira woweruza milandu, amapeza bungwe lomwe lingamulandire, ndipo awiriwa amalemba limodzi ntchito yomwe loyayo akagwire. Ikhoza kukhala yoteteza ana olumala omwe sukulu zikuwakana, amayi othawa nkhanza m'banja, antchito a m'minda omwe mabwana akuwabera malipiro, kapena mabanja omwe akutulutsidwa m'nyumba za lendi. Akasankhidwa, thumba limapereka malipiro ake, inshulansi ya chipatala ndi zina zomwe wantchito wa bungwelo amalandira, komanso limathandiza pa ngongole ya sukulu m'zaka ziwirizo. Bungwe limapeza loya wanzeru popanda kutulutsa malipiro, loyayo n'kupeza poyambira.

Kampani ya Skadden idayambitsa thumbali pokondwerera kuti yatha zaka 40, ndipo idaikamo $10 miliyoni kuti izilipira maloya 25 chaka chilichonse. Pambuyo pake chiwerengerocho chidakwera kufika 28. Nyuzipepala ya Los Angeles Times idafanizira ndondomekoyi ndi Peace Corps, gulu lija la achinyamata a ku America omwe Amalawi ambiri adawadziwa ngati aphunzitsi m'sukulu za sekondale. Maloya oposa 900 adadutsamo m'thumbali, ndipo eni ake akhala akunena kuti pafupifupi 90 mwa 100 alionse adakhalabe pantchito yothandiza anthu zaka ziwirizo zitatha. Ngati pali umboni woti ndondomekoyi imagwira ntchito, ndi umenewu: munthu akathandizidwa kuoloka zaka zoyamba zovutazo, kawirikawiri sabwerera m'mbuyo.

Palinso bungwe la Equal Justice Works, lomwe lidayambitsidwa ndi ophunzira zamalamulo mu 1986 pansi pa dzina lina, n'kutenga dzina latsopanoli mu 2002. Ilo limasonkhanitsa ndalama kuchokera kumakampani a maloya, makampani a malonda ndi anthu akufuna kwabwino, n'kumalumikiza wopereka aliyense ndi loya wachinyamata. Sukulu zolemera nazo zili ndi timatumba tawo ta ophunzira awo okha, nthawi zambiri ta chaka chimodzi.

Koma n'chifukwa chiyani dziko lolemera chotero likudalira chifundo cha makampani kuti mphawi apeze womuyankhulira m'khoti?

Yankho likuyambira pa mlandu wa Clarence Earl Gideon, bambo wosauka wa ku Florida yemwe mu 1961 adamuimba mlandu wothyola nyumba yosewereramo pool. Adapempha loya, woweruza adakana, ndipo adamugamula kuti akakhale kundende zaka zisanu. Ali m'ndendemo adalemba ndi pensulo kalata ya apilo kupita kukhoti lalikulu kwambiri m'dzikolo, Supreme Court. Mu Malichi 1963 khotilo lidagamula kuti munthu woimbidwa mlandu waukulu wa upandu, ngati alibe ndalama, boma limupatse loya. Mlandu wa Gideon utazengedwanso ali ndi womuimira, adapezeka wosalakwa.

Chigamulo chimenechi chidathera pa milandu ya upandu. Pa milandu ya pakati pa munthu ndi mnzake, kapena munthu ndi nthambi ya boma, ufulu woterewu palibe. Mu 1981 khoti lomwelo lidanena kuti ngakhale mayi yemwe boma likufuna kumulanda mwana mpaka kalekale alibe ufulu wokhazikika wopatsidwa loya, koma woweruza aziona mlandu uliwonse pawokha. Zikutanthauza kuti wakuba njinga akhoza kupatsidwa loya ndi boma, pomwe mayi yemwe mawa akatundu ake aponyedwa panja ayenera kudziyankhira yekha pamaso pa loya wa mwini nyumba. Mumzinda wa New York mu 2013, mwa anthu 100 alionse a lendi omwe adatengeredwa kukhoti la nyumba, m'modzi yekha ndiye adali ndi loya. Mzindawo udakhazikitsa lamulo lopereka maloya kwa osauka pa milandu imeneyi mu 2017, ndipo udali woyamba kutero m'dziko lonselo.

Boma lalikulu lili ndi bungwe lake, Legal Services Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1974 m'nthawi ya Richard Nixon kuti lizigawa ndalama kumaofesi othandiza osauka pa milandu yotere. Mu 2024 lidalandira $560 miliyoni. Kafukufuku yemwe bungwe lomweli lidatulutsa mu 2022 adapeza kuti pa mavuto 100 alionse akuluakulu a zamalamulo omwe anthu osauka adakumana nawo, 92 sadalandire thandizo lililonse kapena thandizolo lidali losakwanira. Maofesi olandira ndalama zake amabweza pafupifupi theka la anthu ofika pakhomo chifukwa manja ndi ochepa.

Chomwe ambiri adaiwala n'chakuti thumba loyamba lalikulu la maloya achinyamata lidali la boma. Mu 1967, m'nthawi yomwe Lyndon Johnson adalengeza nkhondo yolimbana ndi umphawi, boma lidayambitsa ndondomeko yotchedwa dzina la Reginald Heber Smith, loya wa ku Boston yemwe mu 1919 adalemba buku lodzudzula mmene makhoti amachitira ndi amphawi. Maloya a ndondomekoyo, omwe anthu adangowatcha maReggie, amatumizidwa kumidzi ndi kumakomboni a m'mizinda, ndipo sadachedwe kuyamba kusumira maboma a zigawo ndi eni minda ikuluikulu. Andale sadakondwe nazo. Ronald Reagan, ali bwanamkubwa wa California, adalimbana ndi bungwe loimira antchito a m'minda la California Rural Legal Assistance mpaka kuyesa kulitsekera ndalama mu 1970. Atakhala mtsogoleri wa dziko mu 1981 adapempha kuti Legal Services Corporation isapatsidwe ngakhale khobidi. Aphungu adakana, koma adadula ndalama zake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndondomeko ya maReggie idatha mu 1985. Patangopita zaka zitatu, ya Skadden idabadwa.

Mu 1996 aphungu adaonjezera zingwe. Ofesi iliyonse yolandira ndalama za bungwe la bomalo idaletsedwa kutsegula mlandu umodzi woimira gulu lalikulu la anthu, kuimira akaidi, komanso kuimira anthu ambiri olowa m'dzikolo popanda mapepala. Milandu yotereyi ndiyo imasintha zinthu kwa anthu zikwizikwi nthawi imodzi, ndiyonso imachititsa boma manyazi. Kuchokera pamenepo ntchito imeneyi idatsalira mabungwe osalandira ndalama za boma, ndipo kwa mabungwewo loya wolipidwa ndi thumba la kampani adasanduka mgodi. Chiyembekezo chidali chakuti ndalama za munthu wamba zilibe zingwe za ndale.

Ngakhale zinthu zisadafike pa 2025, odziwa ntchitoyi amaona kale zofooka zake. Choyamba ndi kuchepa. America ili ndi maloya oposa 1.3 miliyoni, ndipo chaka chilichonse sukulu zimatulutsa ena oposa 30,000. Malo 28 pa chiwerengero chimenechi ndi kadontho m'nyanja, ngakhale mutaphatikizapo matumba ena onse. Mpikisano wake ndi woopsa, ndipo omwe amapambana kawirikawiri ndi ochokera kusukulu zotchuka, komwe kuli alangizi olembedwa ntchito yongothandiza ophunzira kukonza makalata opemphera malowa. Mwana wa mphawi yemwe waphunzira usiku pasukulu yaing'ono kwinaku akugwira ntchito masana, yemwe mavuto a lendi adakulira momwemo, amayamba mpikisanowo ali kumbuyo.

Chachiwiri ndi nthawi. Zaka ziwiri zimatha msanga, pomwe mlandu waukulu wolimbana ndi nthambi ya boma umatenga zaka zisanu kapena kuposerapo ukapita ku apilo. Mlandu suola, koma malipiro a woutsatira amatha. Bungwe likalephera kupeza ndalama zomusungira, loyayo amasiya mafailo m'manja mwa anzake omwe ali kale ndi katundu wawo. Palinso dandaulo lakuti opereka ndalama amakopeka ndi ntchito yooneka yatsopano, choncho wopempha amakakamizika kuveka ntchito yake zovala zachilendo, pomwe chomwe ofesiyo ikusowa kwenikweni ndi munthu wina woti aziima m'khoti la nyumba Lolemba mpaka Lachisanu.

Chachitatu n'chomwe sichinenedwa mokweza. Makampani akuluakulu a maloya amapeza chuma chawo poimira mabanki, makampani a inshulansi, a mafuta ndi a mankhwala. Skadden yeniyeniyo idatchuka pansi pa Joseph Flom chifukwa chothandiza makampani kugula ndi kumeza anzawo. Si zachilendo kuti mdani wa mphawi m'khoti akhale kasitomala wa kampani yonga yomwe ikulipira loya wa mphawiyo. Kwa zaka zambiri zimenezi zidayenda bwino chifukwa thumba lidapatsidwa ufulu wosankha lokha ntchito zake, ndipo kampani imanyadira kuti silowererapo.

Chaka cha 2025 chidaonetsa kuti ufuluwo udali wobwereka. Kumayambiriro kwa chakacho, Trump adayamba kusaina malamulo olanga makampani a maloya omwe adaimirapo adani ake pandale kapena kulemba ntchito anthu omwe adamufufuzapo. Malamulowo amalanda maloya a makampaniwo zilolezo zoonera zinsinsi za boma, kuwaletsa kulowa m'nyumba za boma, komanso kuopseza makontrakiti a boma a makasitomala awo. Kampani ya Paul Weiss idali yoyamba kugonja, ndipo idalonjeza ntchito yaulere ya $40 miliyoni kuti lamulo lake lichotsedwe. Skadden idagwirizana ndi boma lamulo loikhudza lisadatuluke n'komwe. Pofika mu Epulo makampani asanu ndi anayi adali atalonjeza ntchito ya ndalama zokwana $940 miliyoni zonse pamodzi.

Si onse adagwada. Makampani anayi, Perkins Coie, Jenner & Block, WilmerHale ndi Susman Godfrey, adakasuma, ndipo pakati pa Meyi ndi Juni 2025 oweruza anayi osiyana mumzinda wa Washington adagamula kuti malamulowo akusemphana ndi malamulo oyendetsera dzikolo. Awiri mwa oweruzawo adasankhidwa ndi mtsogoleri wa chipani cha Republican, George W. Bush. M'kati mwa Skadden momwemo mudali kung'ung'udza. Loya wachitsikana wa ku ofesi ya Chicago, Rachel Cohen, adalengeza zosiya ntchito mgwirizanowo usadalengezedwe, podzudzula kampani yake kuti yakhala chete pomwe anzake akuzunzidwa, ndipo ena adamutsatira pambuyo pake.

Akuluakulu a makampani omwe adagonja adadziteteza kuti adachita zimenezi pofuna kupulumutsa ntchito za antchito awo zikwizikwi ndi kusunga makasitomala. Mantha awo adali ndi maziko. Kampani yomwe imadya pothandiza makampani ena kugulana imadalira kuti nthambi za boma zivomereze malondawo, ndipo kasitomala wa mabiliyoni sangakhale ndi loya yemwe boma lamutsekera pakhomo. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Thumba la amphawi lidali lotetezeka malinga ngati mwini wake adalibe choopa, koma mwini wakeyo adali ndi zambiri zoti ataye kuposa wina aliyense. Boma silidafunike kuletsa mlandu uliwonse wa mphawi. Lidangogwira pakhosi wopereka ndalama.

Nthawi yomweyo njira ina yomwe maloya a amphawi amapumira idayambanso kugwedezeka. Lamulo la 2007 limati munthu wogwira ntchito m'boma kapena m'bungwe losapanga phindu, akabweza ngongole ya sukulu kwa miyezi 120, yotsalayo boma limamukhululukira. Zaka ziwiri za fellowship zimawerengedwa m'zaka khumi zimenezi, ndipo maloya ambiri adakonza moyo wawo wonse potsamira lonjezoli. Mu Malichi 2025 Trump adalamula kuti mabungwe omwe boma lingawaone kuti akuchita zosemphana ndi malamulo achotsedwe pa ndondomekoyi, ndipo mwa zitsanzo adatchulapo kuthandizira kuswa malamulo olowera m'dzikolo. Unduna wa zamaphunziro udatulutsa malamulo ake mu Okutobala, ndipo zigawo, mizinda ndi mabungwe angapo adathamangira kukhoti. Mu Meyi chaka chomwecho ndondomeko ya zachuma yochokera ku White House idapemphanso zomwe Reagan adapempha mu 1981, kuti Legal Services Corporation itsekedwe.

Maiko ena adatengera nzeru ya fellowship pa zifukwa zofanana. Ku Britain, boma litadula kwambiri ndalama zothandizira osauka pa milandu kudzera m'lamulo la 2012, bungwe la The Legal Education Foundation lidayambitsa Justice First Fellowship mu 2014 kuti lizilipira achinyamata ophunzira uloya m'maofesi othandiza anthu pa nkhani za nyumba, ntchito ndi ndalama za chithandizo. Kumenekonso thumba la akufuna kwabwino lidabwera pamalo pomwe boma lidachokapo.

Chitsanzo cha ku South Africa n'chosiyana, ndipo chikuthandiza kuona bwino vuto la ku America. Mu 1979, tsankho lili pachimake, Arthur Chaskalson, Felicia Kentridge ndi Geoff Budlender adatsegula Legal Resources Centre mumzinda wa Johannesburg, ofesi yoimira anthu akuda kwaulere yomwe imaphunzitsanso ntchito maloya achinyamata. Mu 1980 ofesiyi idapambana mlandu wa Komani, womwe udalola mayi kukhala ndi mwamuna wake m'tauni, ndipo mu 1983 idapambana wa Rikhoto, womwe udapatsa antchito a kontrakiti omwe agwira zaka khumi kwa bwana m'modzi ufulu wokhazikika m'tauni. Milandu iwiriyi idagwedeza malamulo a mapasi. Ndalama zoyambira ofesiyi zidachokera ku Ford Foundation, Carnegie Corporation ndi Rockefeller Brothers Fund, onse a ku America. Boma la Pretoria likadatha kuvutitsa maloyawo, koma dzanja lake silikadafika ku New York komwe kudali thumba. Chaskalson adadzakhala mkulu woyamba wa khoti loona za malamulo oyendetsera dziko mu 1994.

Malawi naye wadyako zipatso za matumba oterewa. Yunivesite ya Georgetown ku Washington yakhala ikutenga maloya omenyera ufulu wa amayi kuchokera m'maiko a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, kudzera m'ndondomeko ya Leadership and Advocacy for Women in Africa yomwe idayamba mu 1993, ndipo otengedwawo amalonjeza kubwerera kwawo akalandira digiri yachiwiri. Yunivesite ya Pretoria nayo idatsegula mu 2000 maphunziro a digiri yachiwiri ya za ufulu wachibadwidwe mu Africa. Khoti lalikulu litagamula mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, kuti n'kulakwa kupereka chilango cha imfa mokakamiza kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, akaidi omwe adali atagamulidwa kale adadikira zaka zisanu ndi zitatu kuti milandu yawo iunikidwenso. Ntchitoyo idayamba mu 2015 pomwe Malawi Human Rights Commission, Legal Aid Bureau, othandizira maloya a bungwe la PASI ndi ena adagwirana manja ndi bungwe la Reprieve komanso aphunzitsi ndi ophunzira zamalamulo ochokera ku America, pa ndalama za abwenzi akunja. Akaidi oposa 100 adatuluka m'ndende. Chigamulo chidalipo chiyambire 2007. Omwe adasowa ndi anthu olipidwa kuti ayende m'midzi kufufuza mboni, kusaka mafailo otayika ndi kuima m'khoti.

Kudalira akunja kuli ndi vuto lake lina. Iwo saopa boma la ku Lilongwe, koma amamvera ndale za kwawo. Mu Januwale 2025 boma la Trump lidaimitsa thandizo lopita kunja, ndipo pofika mu Julayi bungwe la USAID lidali litatsekedwa, zomwe zidasiya mabungwe ambiri mu Africa manja ali m'khosi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lamulo la 2018 loyendetsera ntchito ya uloya m'dziko muno lidayesa kupeza fodya wa pamphunoyo polamula maloya kugwirako ntchito yaulere kuti chiphaso chawo chionjezeredwe, koma maola ochepa a loya wotanganidwa ndi milandu ya makampani sangafanane ndi wachinyamata yemwe ntchito yake yonse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndi ya amphawi.

Kubwerera ku America, kungakhale kulakwa kunena kuti matumbawa adalephera. Zomwe adalonjeza, zotsegulira khomo achinyamata angapo chaka chilichonse, adazichita, ndipo ambiri mwa omwe akutsogolera mabungwe omenyera ufulu m'dzikolo, ophunzitsa m'sukulu za zamalamulo ngakhalenso oweruza ena adalowera pakhomo limeneli. Cholakwika chidali kuganiza kuti mphatso ingalowe m'malo mwa udindo. Ndalama za boma zili ndi zingwe zooneka, zolembedwa m'lamulo, zomwe aphungu amakangana poyera ndipo munthu akhoza kuzitengera kukhoti. Zingwe za mgwirizano wa Malichi 2025 anthu adazidziwira pa tsamba la mtsogoleri wa dziko la pa intaneti, ndipo palibe mphawi yemwe angakasume kuti kampani yasintha mmene imagawira mphatso zake.

N'chifukwa chake zomwe idachita New York mu 2017, ndipo mizinda ina monga San Francisco, Philadelphia ndi Cleveland idatsatira, zili ndi kulemera kwina. Mzinda ukalemba m'lamulo kuti wosauka yemwe akutulutsidwa m'nyumba apatsidwe loya, malo a ntchito amabadwa ochuluka, okhalitsa, osadalira kuti chaka chimenecho kampani yadzuka bwanji. Mu 2021 chigawo cha Washington chidakhala choyamba kukhazikitsa lamulo lotere m'chigawo chonse. Mavuto aliponso kumeneko, makamaka malipiro ochepa ndi milandu yochuluka yomwe imatopetsa maloya mpaka kusiya ntchito, koma mkanganowo umachitikira m'khonsolo ndi m'nyumba ya malamulo, pamaso pa ovota.

Chomwe n'chovuta kuyeza ndi zomwe zimachitika m'mutu mwa wophunzira wa chaka chomaliza pomwe akulemba pempho lake. Makalata opempha malo ku matumbawa amakonzedwa miyezi ingapo chaka cha sukulu chisadayambe. Iye ndi bungwe lomulandira amadziwa zomwe zidachitika mu 2025. Ngati ali ndi ntchito ziwiri m'maganizo, ina yoimira ana osungidwa m'malo otsekera anthu olowa m'dzikolo popanda mapepala, ina yothandiza asilikali akale kulandira ndalama zawo, safunika kuuzidwa ndi munthu kuti ndi iti yomwe ingadutse mosavuta. Ntchito zonse ziwiri n'zofunika. Koma mndandanda womwe umatuluka kumapeto kwa chaka umangoonetsa mayina a osankhidwa ndi ntchito zawo, ndipo pempho lomwe mwini wake adalisiya m'kompyuta osalitumiza silioneka paliponse.